Mmene ndinakonzera kuyesa kwanga kwa manyowa a nkhuku

Ku Rosettenville, dera la mu Johannesburg komwe ndimakhala, ndimalima repu kuseri kwa nyumba n'kumagulitsa kwa Amalawi anzanga. Mu Juni ndinafuna kudziwa ngati manyowa a nkhuku amathandizadi. Ndinapanga mabedi awiri, lina ndinathira manyowa, linalo ndinalisiya kuti ndiyerekezerepo. Patatha milungu isanu, lamanyowa linali litabiriwira, linzake litapinimbira.

Mlamu wanga amene akuphunzira za ulimi atabwera anangoti, "Alamu, bedi ili vuto lake si manyowa okha ayi. Taonani khomali." Ankanena zoona. Nthawi yozizira kuno ku Johannesburg dzuwa limadutsa chakumpoto, ndiye bedi lopanda manyowa, lomwe linali kum'mwera kwa khoma, linkakhala mumthunzi mpaka masana, chisanu n'kumachedwa kusungunuka. Komanso ndinkalithirira mopereŵera chifukwa mpopi uli patali. Mabediwo ankasiyana pa zinthu zitatu, osati manyowa okha.

Ndinayambiranso mu Ogasiti. Ndinagawa malowo timabedi 8, tinayi tamumthunzi, tinayi tapadzuwa. Mbali iliyonse ndinalemba manambala patimapepala, mwana wanga n'kutola tiwiri m'chipewa, ndipo timabedi ta manambala amenewo ndi timene ndinathira manyowa. Njira ya maere imeneyi anailimbikitsa katswiri wa masamu Ronald Fisher ku Rothamsted, malo ofufuzira za ulimi ku England, m'zaka za m'ma 1920. Mbewu paketi imodzi, kufesa tsiku limodzi, madzi kheni imodzi pakabedi kalikonse. Pokolola, mlamu ndiye ankayeza pasikelo asakudziwa komwe masamba achokera.

Manyowa anapambanabe, koma kusiyana kwake kunachepa kwambiri poyerekeza ndi mu Juni, ndipo kumthunzi kunkangooneka pang'ono.