Mmene mungafananizire tizilumba tolamulidwa ndi mayiko akutali popanda kupusitsidwa ndi manambala

Padziko pano padakali timadera tambirimbiri ting'onoting'ono timene mbendera yake, asilikali ake ndi pasipoti yake ndi za dziko lina lakutali, nthawi zina makilomita masauzande ambiri kuchoka pomwe tili. Britain yokha ili nato 14, France ili ndi take, America, Netherlands ndi New Zealand nawonso chimodzimodzi, ndipo United Nations ili ndi mndandanda wa madera 17 amene imati sanayambe kudzilamulira okha. Nde munthu akapatsidwa ntchito ya kusukulu kapena angofuna kumvetsa nkhani za pa wailesi, chimene amachita ndi kutsegula intaneti, kukopera kukula kwa malo, chiwerengero cha anthu ndi GDP (mtengo wa zonse zomwe dera limapanga pa chaka), kuika pa thebulo, basi wathana nazo. Thebulo lotero silikuuzani kalikonse. Manambala a timadera totere amanama kwambiri kuposa a mayiko akuluakulu, ndiye pamafunika kudziwa mafunso oti mufunse.

Choyamba musatenge khumi nthawi imodzi, tengani tiwiri kapena titatu, ndipo tikhale tofanana pa chinthu chimodzi chachikulu kuti kusiyana kwinako kuoneke bwino. Saint Helena ndi Falkland Islands ndi awiri abwino kuyambira, onse ndi a Britain, onse ali m'nyanja ya Atlantic chakumwera, anthu ake ndi ochepa mofanana (Saint Helena ali cha m'ma 4,400, Falkland cha m'ma 3,600) koma wina amadikira thandizo la ku London chaka ndi chaka pomwe mnzakeyo amadzilipirira yekha pafupifupi zonse. Apo ndiye pali nkhani. Réunion ndi Mayotte ndi awiri ena, onse a France m'nyanja ya Indian. Koma kuika Puerto Rico, yomwe ili ndi anthu oposa 3 miliyoni, pambali pa Pitcairn yomwe anthu ake ndi ngati 50 kapena kucheperapo, ndi kungotaya nthawi.

Pa nkhani ya malo, funso loyamba si lakuti ndi masikweya kilomita angati. Funsani kuti kodi kumeneko amafikako bwanji, ndipo njira imeneyo ikatsekeka chimachitika ndi chiyani. Amene anakhalako ku Likoma amaidziwa nkhaniyi, Ilala ikachedwa ngakhale shopu yomwe imamva. Saint Helena ili pafupifupi makilomita 1,900 kuchoka ku gombe la Africa, ndi chifukwa chake Angerezi anakatayako Napoleon mu 1815, ndipo pambuyo pake anakasungako Dinuzulu mfumu ya Azulu. Mpaka mu 2017 njira yake inali imodzi yokha, sitima ya RMS St Helena yomwe inkayenda masiku asanu kuchoka ku Cape Town, nde tangoganizani wodwala amene chipatala cha ku Jamestown, likulu la chilumbachi, chamulephera. Britain inamanga bwalo la ndege la ndalama zokwana mapaundi 285 miliyoni, litatha mu 2016 anapeza kuti mphepo ya pamalopo imasinthasintha moopsa potera, ndege zazikulu zomwe ankayembekezera sizinabwere, mpaka mu October 2017 ndi pomwe kampani ya ndege ya Airlink inayamba ulendo wochokera ku Johannesburg ndi ndege yocheperako, nthawi zambiri kamodzi pa sabata. Ku Tristan da Cunha, chilumba china cha Britain m'nyanja yomweyo, ndiye zinachita kunyanya, kulibe bwalo la ndege olo pang'ono, anthu ake 200 ndi kanthu amadalira sitima ya masiku pafupifupi asanu ndi limodzi kuchoka ku Cape Town. Tsono tengani Gibraltar, kamalo kosakwana masikweya kilomita 7 koma kolumikizana ndi Spain, anthu pafupifupi 15,000 amawoloka malire m'mawa kukagwira ntchito madzulo n'kubwerera kwawo. Pa thebulo lanu lija Gibraltar ndi wamng'ono kuposa Saint Helena amene ali ndi masikweya kilomita ngati 120, koma pa moyo wa tsiku ndi tsiku wopanikizika ndi wamkuluyo.

Mukatha za mayendedwe funsani za madzi akumwa, anthu ambiri amaiwala. Bermuda ilibe mitsinje, nde nyumba zake zimafoleredwa ndi madenga oyera okhala ngati masitepe kuti madzi a mvula azitsikira mu thanki ya pansi pa nyumba, ndipo malamulo omangira nyumba kumeneko amafuna zimenezi. Kenako funsani za ngozi, chifukwa kadziko kakang'ono ngozi imodzi imakwanira kukatembenuza konse. Ku Montserrat, chilumba cha Britain ku Caribbean, phiri la Soufrière Hills linayamba kuphulika mu 1995, likulu lake Plymouth linakwiririka ndi phulusa, anthu pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasamuka, ndipo mpaka pano mbali yakumwera ya chilumbacho ndi yoletsedwa kukhalako. Ku Mayotte namondwe Chido, yemwe uja anadzafika ku Mozambique ndi kuno ku Malawi mu December 2024, anayamba wasalaza kumeneko nyumba zambirimbiri zamalata za anthu osauka.

Chomaliza pa za malo, yang'anani nyanja osati mtunda wokha. Malamulo a dziko lonse amapatsa chilumba ufulu pa nsomba ndi chuma cha m'nyanja mpaka makilomita 370 kuchoka pagombe. Pitcairn pamtunda ndi kachidutswa, koma nyanja yake ndi yoposa masikweya kilomita 800,000. Ukawona zimenezi umayamba kumvetsa chifukwa chake mayiko akuluakulu satisiya timiyala timeneti.

Tibwere ku boma, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka chifukwa mayina amafanana. Paliponse mupeza nyumba ya malamulo, zisankho, nduna, nde mumaganiza kuti ndi chimodzimodzi. Ayi. Funso ndi lakuti amene ali ndi mawu omaliza ndani. Madera a Britain sali mbali ya United Kingdom, alibe phungu ngakhale m'modzi ku nyumba ya malamulo ya Britain ku Westminster, ali ndi malamulo awoawo komanso misonkho yawoyawo, koma London imatumiza gavanala amene amagwira za chitetezo, za ubale ndi mayiko akunja, ndipo nthawi zambiri ndi apolisi omwe. Anthu ake ambiri anapatsidwa unzika wonse wa Britain mu 2002. France inatenga njira ina, Réunion kuyambira 1946 ndi dipatimenti, kutanthauza chigawo cha dziko la France, ngati mmene ilili dipatimenti ina iliyonse pafupi ndi Paris, amagwiritsa yuro, ali mu European Union, amavotera pulezidenti wa France ndipo ali ndi aphungu awo ku Paris. Mayotte inalowa m'gulu limeneli mu 2011. Koma samalani, si madera onse a France ali choncho, New Caledonia ili ndi dongosolo lake ndi ndalama yake ina. Ku America nakonso ndi zina, munthu wa ku Guam ndi nzika ya America koma akakhala kwawoko savotera pulezidenti, nthumwi yawo ku Washington imayankhula koma ilibe voti pomaliza lamulo, ndipo wobadwira ku American Samoa sakhala nzika yathunthu pongobadwa.

Njira yachidule yodziwira mwini mphamvu ndi kusaka nthawi yomwe zinthu zinavutapo. Pa mtendere aliyense amaoneka wodzilamulira. Koma mu 2009 Britain inaimitsa boma losankhidwa la Turks and Caicos kafukufuku atapeza zizindikiro za katangale, gavanala n'kuyamba kulamulira yekha mpaka zisankho za 2012. Nkhani imodzi imeneyo ikuphunzitsani zambiri kuposa kuwerenga konsitityushoni yonse. Nde pa dera lililonse lomwe mwasankha fufuzani ngati zoterezi zinachitikapo, kaya lamulo lomwe nyumba yawo ya malamulo inavomereza koma gavanala n'kukana kusaina.

Ndipo musalowe m'nkhaniyi mutagamula kale kuti onsewa akulira ufulu wodzilamulira, ife tinakulira mbiri ya 1964 nde maganizo amathamangira komweko. Onani ngati anthuwo anafunsidwapo ndi zomwe anayankha. Bermuda inachita referendamu mu 1995 ndipo ambiri anakana kudziimira paokha. Ku Falkland mu 2013 anthu atatu okha ndi amene anavota kuti asakhalenso pansi pa Britain, atatu enieni osati maperesenti. Mayotte inakana kupita limodzi ndi zilumba zinzake za Comoros m'ma 1970, ndipo mu 2009 anthu 95 pa 100 alionse anavota kuti akhale dipatimenti. Komabe werenganinso kuseri kwa manambalawo, ku New Caledonia anavota katatu, 2018, 2020 ndi 2021, ndipo ulendo wachitatuwo zotsatira zinaoneka ngati pafupifupi onse akufuna France, chonsecho a mbali yofuna ufulu, makamaka a mtundu wa Kanak omwe ndi eni nthaka, ananyanyala chisankhocho. Lembaninso ngati pali dziko lina lomwe limati malowo ndi ake, Argentina imati Falkland ndi Malvinas ndipo anamenyanirana nkhondo mu 1982, Spain imafuna Gibraltar yomwe inapita kwa Angerezi mu 1713, Comoros sinavomerepo za Mayotte.

Tsopano chuma, ndipo apa ndi pomwe GDP imapusitsa anthu kwambiri. Mukagawa GDP ya Bermuda kwa anthu ake pafupifupi 64,000 aliyense amaoneka kuti ali ndi madola oposa 100,000 pa chaka, koma ndalama zambirizo ndi za makampani akuluakulu a inshulansi omwe ali ndi maofesi ku likulu lake Hamilton, pomwe munthu wamba akulimbana ndi lendi ndi mitengo ya zakudya yomwe ili m'gulu la yokwera kwambiri padziko lonse, pakuti pafupifupi chilichonse chimabwera pa sitima. Cayman Islands ndi British Virgin Islands ndi momwemo, kulibe msonkho wa pa phindu la kampani, makampani olembetsedwa ndi ochuluka kuposa anthu okhalako, boma limadyera pa ndalama zolembetsera ndi msonkho wa katundu wolowa. Ine ndimati siyani kaye GDP, tsegulani bajeti ya boma muone kuti ndalama zolipira aphunzitsi ndi manesi zimachokera kuti.

Mukatero muona kusiyana kwa awiri tinayamba nawo aja. Bajeti ya Saint Helena mbali yaikulu imachokera ku thandizo la Britain, chilumbachi chimagulitsa khofi pang'ono, nsomba pang'ono, alendo odzaona malo nawonso ndi ochepa. Falkland kale inali dziko la nkhosa basi ndipo inali yosauka ndithu, nkhosazo zilipobe pafupifupi theka la miliyoni, koma chomwe chinasintha zinthu ndi chakuti kuyambira 1987 anayamba kugulitsa ziphaso kwa sitima zakunja zopha nyama za m'madzi zotchedwa squid m'nyanja yawo. Kuchokera pamenepo boma lawo limadzilipirira zonse kupatula asilikali, amenewo amalipira ndi London. Nde onse ndi a mbendera imodzi, koma wina akamakambirana ndi London amapita ngati wopempha, winayo ayi, ndipo kusiyanako kwachokera m'madzi. Mukuona mmene za malo, za boma ndi za chuma zimalumikizirana, musazilembe ngati mitu itatu yosadziwana.

Funsaninso kuti chumacho chaima pa miyendo ingati. American Samoa ndi fakitale yoika nsomba za tuna m'zitini ku Pago Pago, Tristan da Cunha ndi nkhanu za m'nyanja, New Caledonia ndi miyala ya nickel, mtengo ukagwa kapena fakitale ikatseka dziko lonse limamva tsiku lomwelo. Pa Mayotte samalani ndi amene mukumufananiza naye, mukaiyika pambali pa France ndi dipatimenti yosaukitsitsa, anthu opitirira atatu mwa anayi alionse ali pansi pa muyezo wa umphawi wa dzikolo, koma mukaiyika pambali pa Comoros ndi kolemera moti anthu amaika moyo pachiswe kuwoloka makilomita 70 kuchoka ku Anjouan, chimodzi mwa zilumba za Comoros, pa timabwato totchedwa kwassa kwassa. Zonse ziwiri ndi zoona, nde nenani poyera kuti muyezo wanu ndi uti.

Kanthu kena komwe sikapezeka m'mathebulo ndi kakuti ntchito amagwira ndani. Achinyamata ambiri a ku Saint Helena amakagwira ntchito ku Falkland, ku Ascension ndi ku Britain n'kumatumiza ndalama kwawo, nde pachilumbapo pakutsala okalamba. Ku Falkland mabomba okwirira omwe anatsala pa nkhondo ya 1982 anachotsedwa makamaka ndi akatswiri ochokera ku Zimbabwe, ntchitoyo inatha mu 2020. Zoterezi zimakuuzani ngati dera likukoka anthu kapena likuwataya.

Pa nambala iliyonse yomwe mwalemba ikani chaka chake pambali, chifukwa kumalo kwa anthu ochepa zinthu zimasintha msanga, ku Pitcairn banja limodzi likasamuka maperesenti onse amasokonekera. Chiwerengero cha anthu a ku Montserrat cholembedwa 1995 isanafike chimaposa 10,000 pomwe lero sakwana 5,000, ndipo buku lililonse la Saint Helena lolembedwa 2016 isanakwane likuuzani kuti kulibe bwalo la ndege. Ngati dera lina mwatenga kalembera wa 2021, linalonso sakani wa zaka zoyandikira pamenepo, ndipo ndalama zonse zisinthireni ku mtundu umodzi, kaya dola kaya paundi, musanayambe kunena kuti uyu ndi wolemera kuposa uyu.