Momwe mungasiyire chizolowezi chodya mpamba wa geni yanu

Anthu ochita geni m'misika mwathumu si aulesi ayi, 5 koloko m'mawa ena ali kale pa siteji kupita kukaoda tomato ku Lizulu, ena akudikira kutsegula belo la kaunjika ku Limbe, koma chaka chikamatha mpamba uli pomwepo kapena wachepa kumene. Ndi zoona kuti zinthu zavuta, kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 ndalama yomwe munkaodera katundu wodzadza benchi inasiya kukwana. Zimenezo sitingazisinthe ife. Chomwe chili m'manja mwathu ndi chizolowezi chotapa m'thumba la geni tsiku ndi tsiku osawerenga, ya ndiwo, ya mayunitsi, ya kabaza, ya mwana yodyera kusukulu, zonse kuchokera mmenemo. Zimandiwawa kuona mayi wakhama akutseka geni chifukwa cha izi, nde tiyeni tione momwe mungasinthire.

Choyamba, sabata yoyamba musasinthe kalikonse, ingolembani basi. Gulani kope la ana asukulu, tsamba lakumanzere zolowa, lakumanja zotuluka, ndipo mulembe ngakhale K300 ya mandasi amene mwadya muli pa benchi. Kuti musaiwale, kulembako kumangirireni pa chinthu chomwe mumachita kale tsiku lililonse, monga nthawi yowerenga ndalama madzulo musanateleke nsima. Chizolowezi chatsopano chimagwira msanga chikatsamira pa chakale, mukangoti "ndidzilemba ndikapeza nthawi" nthawiyo siipezeka. Lamlungu muphatikize zonse, ambiri apa m'pomwe amadzidzimuka poona kuti timakwacha tating'onoting'ono tija taposa phindu la sabata yonse.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa zonse, dzilipireni malipiro ngati wantchito. Tiyerekeze mwaoda katundu wa K40,000 ndipo mwagulitsa K52,000. Phindu si K12,000 ayi, muchotse kaye thiransipoti, tikiti ya msika, majumbo, ndi tomato amene waphwanyika panjira, zotsalazo ndiye phindu lenileni. Pa zotsalazo sankhani ndalama yokhazikika yomwe mudzitenga pa tsiku kapena pa sabata yoti mudyere pakhomo, ina yonse ibwerere ku geni. Ndipo ndalama ziwirizi zisagone malo amodzi chifukwa dzanja silisankha likalowa m'thumba. Ena amamanga mfundo ziwiri pa chitenje, ena amaika ya geni pa Airtel Money ya pakhomo pa TNM Mpamba, zonse zili bwino bola zisiyane. Kungoti pa foni kutapa kuli ndi ndalama yake imene amakudulani, nde musamaike m'mawa n'kutapa madzulo, muziika yomwe ikudikira tsiku lokaoda. Malipiro akatha Lachinayi, athadi, mudye masamba ndi bonya mpaka Loweruka. Sabata zoyamba zimawawa ndithu koma apa m'pomwe geni imayamba kupuma.

Kenako nkhani ya ngongole. Ife Amalawi kukana m'bale kumativuta, ndipo sindikunena kuti tisiye kuthandizana. Koma konzekeranitu mawu oti muyankhe munthu asanafike, monga "alamu, katunduyu ndi wa geni sindingakhudze, koma Loweruka ndikalandira yanga ndikugawirani kangachepe". Mukatero mwathandiza kuchokera pa malipiro anu, mpamba uli bwinobwino. Makasitomala okhulupirika amene amalipira pakutha pa mwezi muwaikire malire ndi tsiku, ndipo zilembedwe m'kope muja iwo akuona, wina asatenge china asanabweze choyamba.

Tsopano kwa abambo ndi achinyamata makamaka, kubetcha mpira ndi kamowa ka poweruka. Kulumbira pa 1 Januwale kuti "chaka chino ndasiya" sikugwira ntchito ngati njira yobwerera kunyumba ikudutsabe pakhomo pomwe pa shopu ya betting muli ndi ndalama za tsiku lonse m'thumba. Sinthani njira, ndalama muike pa foni kapena muwapatse akunyumba musanakumane ndi anzanu, app ya betting ija muichotse. Ndipo nthawi imeneyo muipezere ntchito ina chifukwa ikangokhala yopanda chochita mubwerera komweko, mwina ikhale yojambula katundu wotsala n'kuika pa WhatsApp status kuti makasitomala aone, bandulo yomweyo imene inkathera pa mavidiyo iyambe kubweretsa ndalama.

Mukayamba kuona kotsala, lowani banki m'khonde ya anthu amene mukuwadziwa bwino, yokhala ndi malamulo olembedwa komanso bokosi lomwe makiyi ake amasunga anthu osiyana. Ubwino wake ndi woti sheya ya sabata iliyonse imakukakamizani kusunga, ndipo thumba la zadzidzidzi limathandiza pa matenda kapena maliro kuti musathamangire katapila. Chenjezo langa ndi limodzi, ngongole ya ku banki m'khonde muitengere katundu amene mukudziwa kuti ayenda, osati yunifolomu ya chinkhoswe, ndiponso musalowe magulu atatu anayi n'kumabwereka uku kukabweza uko, ena athawa m'midzi chifukwa cha zimenezi.

Padzakhala tsiku loti mwaiwala kulemba kapena mwana wadwala mwatapa mpamba. Musataye kope chifukwa cha tsiku limodzi, lembani kuti "ndabwereka ku geni K5,000" ndipo mubweze pang'onopang'ono kuchokera pa malipiro anu. Pakutha pa mwezi tsegulani kope muone zinthu zitatu, katundu amene akuyenda msanga, amene akugonera, ndi mpamba ngati wakula. Wogonerayo mumutsitse mtengo atuluke ndalama izungulire, ndipo kowonjezera kalikonse kapite pa katundu woyenda uja. Malipiro anu mukweze pokhapokha mpamba wakula miyezi iwiri kapena itatu motsatizana, komanso mutafunsa kaye mitengo yatsopano kumene mumaoda.