Kudziwa chidindo cha senti yakale ya ku America yoperepeseka

Mwafunsa kuti mungadziwe bwanji chidindo (chitsulo chogobedwa chosindikizira ndalama) chimene chinapanga senti yanu yamkuwa ya 1794, popeza nkhope yake yatsala pang'ono kufufutika.

Choyamba, musaikweche kapena kuitsuka ndi mankhwala. Mukatero mufafaniza timizere timene mukufunato, ndipo zimandiwawa ndikaona ndalama yokalamba chonchi itawalitsidwa.

Ikani pa sikelo. Masenti a 1794 ankalemera magalamu 13.48 ali atsopano, ndiye yoperepeseka ipepukirapo pang'ono. M'mphepete mwake muyenera kupeza mawu akuti ONE HUNDRED FOR A DOLLAR.

Kenako tengani galasi lokulitsa zinthu, muunike ndi tochi chopendeketsa kuti chilichonse chotukuka chiponye kamthunzi. Musataye nthawi pa tsitsi la mayi wojambulidwa pa sentiyo, ndi limene limayamba kutha. Ku Philadelphia, kumene masentiwa ankapangidwa, manambala a chaka ndi zilembo ankazikhoma chimodzichimodzi ndi manja pa chidindo, motero mipata yake imasiyana. Onani ngati 4 wa mu 1794 wakhudza chifuwa cha mayiyo, ndiponso chilembo cha LIBERTY chimene chili pamwamba pa chipumi.

Tembenuzani. Werengani tizipatso ta pa nkhata ya masamba, kumanzere padera, kumanja padera, ndipo onani pamene nsonga ya tsamba yaloza pansi pa STATES OF. Mng'alu wa chidindo umaoneka ngati kamzere kotukuka, pamene kukalika kumalowa mkati.

Pomaliza yerekezani mbali zonse ziwiri ndi zithunzi za manambala a Sheldon, amene katswiri wa ndalama zakale William Sheldon anapereka kwa mitundu ya masenti a 1793 mpaka 1814 potengera zidindo zake. Mukaona tinyenyezi pakati pa timano ta m'mphepete kumbuyo, ndiye S-48, yosowa kwambiri.