Mmene mungaonere nyenyezi yophulika ndi telesikopu yanu

Musayembekezere kuona moto. Supernova, dzina la nyenyezi yophulika, imangooneka ngati kadontho koyera pambali pa kachifunga ka mlalang'amba, pamalo pomwe mwezi watha panalibe kanthu. Ntchito yonse ndi kutsimikiza kuti kadonthoko n'katsopanodi.

Yambani ndi imene ena apeza kale. Zatsopano zimalembedwa pa webusaiti ya Transient Name Server, ndipo AAVSO, bungwe la anthu oona nyenyezi zosinthasintha kuwala, imapereka mapu a nyenyezi zoyerekezera nazo. Yang'anani nambala ya magnitude, muyezo wa kuwala kwa nyenyezi: ikamakula, nyenyeziyo ndi yozimirira. Maso okha amalekeza pa 6. Supernova yotchedwa SN 2023ixf, imene Koichi Itagaki wa ku Yamagata, Japan, anaipeza pa 19 May 2023 mu mlalang'amba wa M101, inafika cha pa 11, yooneka bwino mu telesikopu ya galasi lotambalala masentimita 15. Itagaki amasaka nyenyezi mongokonda chabe, koma ndiye anayamba kulengeza kuwala kumene kunayenda zaka pafupifupi 21 miliyoni.

Kwa ife M101 ndi yovuta, imakhala m'munsi chakumpoto, pafupi ndi nyenyezi za Mizar ndi Alkaid. Ine ndimakonda M83, yomwe imakwera pafupifupi pamutu madzulo a May ndi June, ndipo mwaphulika kale nyenyezi zingapo. Miyezi imeneyi thambo limayera, utsi wa lupsa usanayambe. Tengani juzi, kumazizira.

Sankhani usiku wopanda mwezi, kutali ndi magetsi. Khalani mumdima mphindi 20 kapena 30, foni ili m'thumba. Tochi ikulungeni ndi pepala lofiira. Mlalang'amba upezeni ndi galasi loonera lokuza pang'ono, kenako muike lokuza kwambiri. Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, chifukwa ukauyang'anitsitsa umazimiririka. Ponyani diso pambali pang'ono, muugwire ndi ngodya ya diso, ndipo mukagogoda telesikopu pang'onopang'ono kachifungako kamaonekera.

Tsopano tengani chithunzi chakale cha mlalang'ambawo, muwerenge nyenyezi imodziimodzi. Samalani, telesikopu zambiri zimatembenuza chithunzi chadodolido. Kadontho kosowa pachithunzipo mukajambule ndi pensulo, mulembe tsiku ndi nthawi, ndipo muone ngati kakuwala kuposa kapena kuchepera nyenyezi ziwiri zoyandikana nako, kuti muyerekeze magnitude yake. Mawa lake bwererani. Ngati kasuntha, ndi asteroid, chimwala chozungulira dzuwa. Supernova imakhala pomwepo, n'kumazilala pang'onopang'ono kwa milungu kapena miyezi, ndipo manambala anuwo AAVSO imalandira.