Kuyamba kulemba mapulogalamu pa Linux ndi laputopu yakale

Laputopu zambiri zimene achinyamata amabwera nazo kwa ine pano pa Dedza boma ndi zakaunjika, ma Dell ndi ma HP a RAM ya 4 GB, batire yotha kale mphamvu. Windows 11 imazikana, pomwe Windows 10 kampani ya Microsoft inasiya kuisamalira monga kale pa 14 Okutobala 2025. Koma kwa munthu wofuna kuphunzira kulemba mapulogalamu, makina amenewa ndi okwanira, bola muikemo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse m'malo mwa Windows.

Linux anaiyamba ndi Linus Torvalds mu 1991 ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Ndi yaulere, ndipo khodi yake ili poyera: aliyense akhoza kuiwerenga, kuisintha kapena kugawirako mnzake popanda womunena kuti waba. Mitundu yake ndi yambirimbiri, ndipo anthu amakangana mpaka tambala kulira kuti wabwino ndi uti. Mkangano umenewo musaulowe. Tengani Linux Mint ya Xfce. Ndi yopepuka, siisiyana kwambiri ndi Windows pamaonekedwe, komanso inamangidwa pa Ubuntu, imene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anaitulutsa koyamba mu 2004. Choncho malangizo ambiri a Ubuntu amene mungawapeze amagwiranso pa Mint.

Fayilo yake ndi ya pafupifupi 3 GB, ndiye bandulo imapita ndithu. Sonkheranani anthu angapo, mmodzi apange dawunilodi, enanu mukopere kwa iye. Ndi pulogalamu ya Rufus, lembani fayiloyo pa fulashi ya 8 GB, koma dziwani kuti zonse zimene zili pa fulashipo zifufutika. Mukatero zimitsani laputopu, lowetsani fulashi, ndipo poyatsa muzidina F12 ngati ndi Dell, kapena F9 ngati ndi HP. Mint imayaka kuchokera pa fulashi pomwepo isanakhudze chilichonse. Yesani Wi-Fi ndi mawu kaye. Musanaiike mu kompyuta, samutsani zithunzi za ukwati ndi makalata a sukulu, chifukwa mukasankha kufufuta disiki yonse sizibwereranso. Ngati batire ndi yakufa, pezani malo a sola kapena a jenereta. Magetsi akazima muli pakati, muyambiranso.

Tsopano pofunika penipeni. Dinani Ctrl, Alt ndi T pamodzi. Kawindo kamene katsekuke ndi terminal, ndipo ambiri amakaopa chifukwa mulibe choloza ndi mausi. Zolowerani kulemba: pwd imakuuzani foda imene muli, ls imaonetsa zimene zili mmenemo, mkdir ntchito imapanga foda yotchedwa ntchito, cd ntchito imakulowetsani m'katimo. Zilembo zazikulu ndi zazing'ono Linux imazisiyanitsa, moti Ntchito ndi ntchito ndi mafoda awiri. Mukalemba lamulo loyamba ndi sudo, mawu opatsa lamulolo mphamvu za woyang'anira kompyuta, ikufunsani pasiwedi koma sionetsa zilembo zimene mukulemba. Musadabwe, lembani ndi kudina Enter. Chenjerani ndi rm, lamulo lofufutira mafayilo: chimene yafufuta sichipita m'bini.

Python, chinenero cholembera mapulogalamu chimene Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, imabwera kale mu Mint. Ine sindiyambitsa munthu ndi masamu a m'buku. Achemwali anga amapikula kachewere kwa alimi a ku Bembeke n'kukagulitsa pa Lizulu, ndipo madzulo amawerengera phindu pamsana pa katoni. Ntchito imeneyo ndiyo yoyenera pulogalamu yoyamba. Lembani nano phindu.py kuti mutsekule nano, pulogalamu yolembera mafayilo mu terminal, kenako izi:

ndowa = input("Ndowa zingati? ")
kugula = input("Munapikula pa zingati ndowa imodzi? ")
kugulitsa = input("Mwagulitsa pa zingati? ")
zolipira = input("Galimoto ndi msonkho wa pamsika? ")
kusiyana = int(kugulitsa) - int(kugula)
phindu = int(ndowa) * kusiyana - int(zolipira)
print("Phindu ndi K", phindu)

Sungani ndi Ctrl ndi O, dinani Enter, tulukani ndi Ctrl ndi X, ndiyeno lembani python3 phindu.py. Mayina monga ndowa ndi zolipira mumasankha nokha. Chimene input imalandira chimakhala mawu chabe, n'chifukwa chake int imachisandutsa nambala tisanachulukitse.

Ikayenda, iwonongeni dala. Ikakufunsani mtengo, lembani 15,000 ndi koma pakati. Ituluka mizere ya Chingerezi yoopsa maso, koma werengani womaliza wokha: ValueError, kutanthauza kuti int yalephera kuwerenga chimene mwaipatsa. Mzere wa pamwamba pake umakuuzani pamene pavuta. Amene amaphunzira msanga kwa ine si anzeru kuposa anzawo, ndi amene amawerenga mizere imeneyi m'malo motseka laputopu. Kenako onjezani if phindu < 0: ndipo pansi pake, mutalowetsa mzere m'kati ndi mipata 4, muiuze ilembe kuti lero mwaluza. Python imaumirira mipata imeneyi. Mukaiiwala ikana kuyenda.

Tsiku limene muli ndi bandulo, lembani sudo apt update, kenako sudo apt install git python3-doc. Yachiwiriyi imaika malangizo onse a Python mu kompyuta mwanu kuti muziwerenga popanda intaneti, ngakhale muli kumudzi kumene netiweki mumaisaka pachulu. Git, imene Torvalds yemwe uja analemba mu 2005, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse kumene mwapanga pa khodi. Mu foda ya ntchito lembani git init, git add phindu.py, kenako git commit -m "phindu la kachewere". Ulendo woyamba ikuuzani kuti muipatse dzina lanu ndi imelo, ndipo malamulo ake ikuonetsani pomwepo. Mukatero, sabata yamawa onjezani kabichi ndi tomato mopanda mantha, pakuti zikasokonekera git restore phindu.py ikubwezerani imene inkayenda ija.