Kukweza webusaiti ya bizinesi ya ku Chipata pa Google, pa mawu omwe ambiri akulimbirana

Lembani "lodge in Chipata" pa Google muone omwe ali pamwamba. Kawirikawiri ndi Booking.com, TripAdvisor ndi mawebusaiti ena akuluakulu a zaulendo, okhala ndi masamba miyandamiyanda komanso malinki ochokera kumaiko ambiri. Webusaiti ya loji ya zipinda khumi yomwe yatsegulidwa chaka chino singawagwetse pa mawu amenewo mwezi wamawa, ngakhale mutataya ndalama zochuluka bwanji. Chomwe chimatheka ndi kuyamba ndi mawu ang'onoang'ono ozungulira mawu aakuluwo, kupambana pamenepo, kenako n'kumakwera. Chitsanzo chathu ndi loji, koma wogulitsa mbewu ndi feteleza ku Katete kapena wa zida za galimoto ku Petauke atsate zomwezi.

Google ikuliona tsamba lanu?

Lembetsani webusaiti yanu ku Google Search Console, chida cha Google choonetsa momwe webusaiti yanu ikuchitira pa kusaka, ndi yaulere. Mukatsimikizira kuti ndi yanu, tumizani adiresi ya sitemap.xml (fayilo ya mndandanda wa masamba anu), kenako ikani tsamba lililonse lofunika mu URL Inspection. Ikanena kuti tsambalo silinalowe m'kaundula wa Google, konzani zimenezo kaye, chifukwa zina zonse zikudalira pamenepo. Pa WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti, vuto limakonda kukhala kabokosi ka pa Settings, Reading kolembedwa "Discourage search engines from indexing this site". Wopanga webusaiti amakachonga pomwe akumanga, n'kuiwala kuchotsa, ndiye masamba onse amauza Google kuti isawalembe. Tsegulaninso robots.txt, fayilo ya pa webusaiti yanu youza Google komwe ingalowe ndi komwe isalowe, mukapezamo mzere woti "Disallow: /" pansi pa "User-agent: *", ndiye kuti mwatsekera Google kunja.

Kusankha mawu

Apa mpofunika kudekha. Anthu ambiri kuno amasaka m'Chingelezi kapena mosakaniza, choncho musaganizire, funsani alendo anu zomwe analemba pofuna malo ogona. Kenako yambani kulemba mawuwo pa Google osamaliza, muone zomwe ikukupatsani yokha, ndipo muwerenge mafunso a pa "People also ask". Keyword Planner ya Google Ads, yoonetsa kuchuluka kwa anthu osaka mawu, imathandiza, koma pa tauni ngati yathu imaonetsa manambala ochepa kwambiri, mwina osaonetsa n'komwe. Musagwe nazo mphwayi. Anthu makumi awiri pa mwezi ofuna chipinda usiku womwewo ndi aphindu kuposa chikwi ongodutsa.

Mawu oyambira angakhale ngati awa: "lodge near Mwami border", "Chipata lodge with conference hall", "where to sleep in Chipata on the way to South Luangwa", "Ncwala ceremony accommodation". Musanalembe kanthu, sakani mawu aliwonse ndi kutsegula masamba khumi oyamba. Ngati onse ndi makampani aakulu ndipo akuyankha funsolo bwino, asiyeni kaye mawuwo. Koma mukaona positi yakale ya pa Facebook kapena tsamba lomwe langotchula Chipata modutsa lili pa nambala 4, mpata ndi umenewo. Onaninso mtundu wa masamba omwe Google yaika pamwamba. Akakhala malangizo a ulendo, lembani malangizo. Tsamba la mitengo yokha silikwera pamenepo.

Funso limodzi, tsamba limodzi

Ambiri amathira zonse pa tsamba loyamba, kapena amalemba masamba asanu ofanana pa mawu amodzi. Zikatero Google imasowa loti isankhe, masambawo n'kumakokerana pansi okhaokha. Funso lililonse likhale ndi tsamba lake. Title tag, mutu womwe umaoneka pa zotsatira za Google, ikhale ya zilembo pafupifupi 60, mawu ofunika ali kumayambiriro, chifukwa yaitali imadulidwa. Mutu waukulu wa m'kati mwa tsamba, wotchedwa H1, ukhale umodzi. Meta description, mawu ofotokozera tsamba omwe amaoneka pansi pa mutu pa Google, ya zilembo pafupifupi 155, sikweza tsamba payokha, koma ndi yomwe imakopa munthu kuti adine. Za meta keywords, mndandanda wa mawu obisika m'tsamba, musataye nazo nthawi, Google inanena mu 2009 kuti siziwerengera.

M'kati mwa tsamba ndi momwe mungapose akuluakulu aja, chifukwa iwo sakhala kuno. Lembani mtengo m'makwacha ndi tsiku lomwe munausintha. Nenani mphindi zomwe munthu amayenda kuchokera pa siteshoni ya mabasi, mtunda wopita ku Mwami, nthawi yabwino yonyamukira kupita ku Mfuwe, polowera ku South Luangwa. Magetsi akazima muli ndi jenereta kapena sola? Madzi ndi a pa mjigo wanu? Galimoto imagona m'kati mwa mpanda? Mumalandira Airtel Money ndi MTN MoMo? Wochokera ku Lusaka pa Great East Road, atayenda makilomita oposa 500, amafuna mayankho amenewa asanafike. Kubwereza "best lodge in Chipata" ka 20 m'tsamba limodzi sikuthandiza. Google imakuona ngati chinyengo ndipo wowerenga amathawa.

Masamba a miyambo amafuna kukonzekera msanga. Nc'wala imachitika ku Mtenguleni kumapeto kwa February, Kulamba ku Mkaika ku Katete mu August. Tsamba la Nc'wala litulutseni mu November kuti Google ilipeze nthawi ikadalipo. Mwambo ukatha musalifufute. Chaka chamawa sinthani madeti ndi mitengo pa adiresi yomweyo, kuti malinki omwe linapeza asatayike.

Tsamba lililonse laling'ono liloze ku tsamba lalikulu lomwe mukufuna lidzakwere pa "lodge in Chipata", ndipo mawu a linkiyo anene zomwe zili kumeneko, osati "click here".

Liwiro pa foni

Google imayang'ana kaye momwe tsamba likuonekera pa foni, ndipo alendo anu ambiri ali pa bandulo ya MTN, Airtel kapena Zamtel. Chomwe chimalemetsa kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chochokera pa foni chimafika 4 MB. Zikakhala khumi pa tsamba limodzi, munthu amatseka lisanatseguke. Chepetsani chilichonse chikhale mapikiselo 1,200 mpaka 1,600 m'lifupi, musunge ngati WebP (mtundu wa fayilo ya chithunzi wopepuka), chisapitirire 200 KB. Yesani pa PageSpeed Insights, chida cha Google choyezera liwiro, mbali ya Mobile: LCP (nthawi yoti chinthu chachikulu cha pa tsamba chioneke) isapitirire masekondi 2.5, INP (nthawi yoti tsamba liyankhe munthu akadina) isapitirire mamilisekondi 200, CLS (kusunthasuntha kwa zinthu pa tsamba) isapitirire 0.1. Chithunzi chachikulu cha pamwamba musachiike pa lazy loading (kuchedwetsa chithunzi mpaka munthu atatsala pang'ono kufika pomwe chili), chifukwa zimachedwetsa LCP. Webusaiti ikhale pa HTTPS, adiresi yotetezedwa yoyamba ndi https://.

Mapu

Pa mawu otchula malo, Google imaonetsa mabizinesi atatu pa mapu, nthawi zambiri pamwamba pa masamba onse. Apa loji yaing'ono itha kuoneka ngakhale webusaiti yake isanakwere. Tsegulani Google Business Profile, tsamba la bizinesi yanu pa mapu a Google, sankhani gulu loyenera la bizinesi, ndipo chizindikiro cha pa mapu muchiike pa geti penipeni, poti malo ambiri kuno alibe nambala ya msewu yodziwika. Dzina likhale lomwe lili pa chikwangwani. Kuwonjezera mawu ngati "cheap best lodge" kungachititse kuti akutsekereni. Nambala ya +260 ikhale imodzimodzi pa webusaiti, pa Facebook ndi pa mapu. Pemphani mlendo aliyense wokhutira alembe ndemanga asanachoke, ndipo muziyankha zonse, zodandaula zomwe, mwaulemu. Ndemanga zogula kapena zolembetsa achibale n'zoletsedwa ndipo zimafufutidwa.

Malinki ochokera kwa ena

Pa mawu olimbiranidwa, malinki ndi omwe amasiyanitsa masamba awiri abwino mofanana. Yambani ndi omwe mumagwira nawo kale ntchito: oyendetsa alendo ku Mfuwe, mabungwe omwe amachitira misonkhano pa malo anu, mawebusaiti a nkhani ndi a mawailesi a m'chigawo chino. Linki imodzi yochokera kwa otere imaposa mazana ogula. Okutumizirani uthenga woti akupatsani malinki 1,000 pa mtengo wochepa akaneni. Malinki amenewo Google imawanyalanyaza, ndipo nthawi zina imalanga webusaiti, chilango chomwe chimaoneka pa Manual actions mu Search Console.

Kuyeza

Kuona maso a nkhono n'kudekha: a Google eni ake amati zotsatira zimatenga miyezi inayi mpaka chaka. Kamodzi pa mwezi tsegulani Performance mu Search Console, yerekezani miyezi itatu yapitayi ndi itatu ya m'mbuyo mwake. Musadalire kusaka pa foni yanu, chifukwa zotsatira zimasintha malinga ndi komwe muli. Funani mawu omwe muli pa nambala 8 mpaka 20. Amenewo ndiwo ali pafupi: wonjezerani yankho lomwe likusowa m'tsambalo, konzani title, lozaniko malinki awiri kapena atatu kuchokera ku masamba anu ena. Tsamba likamaonekera kwa ambiri koma odina ali ochepa, vuto ndi title ndi description. Ndipo mukasintha adiresi ya tsamba lililonse, ikani 301 redirect, yotumiza alendo ndi Google kuchokera ku yakale kupita ku yatsopano, tsiku lomwelo, apo ayi malo omwe munapeza pa Google atayika.