Jakisoni wa pamsana kapena kugonetsedwa: kusankha njira pa opaleshoni yosintha mfundo ya m'chiuno

Opaleshoni yoika mfundo yatsopano m'chiuno imatenga ola limodzi kapena awiri. Dokotala amadula mutu wa fupa la ntchafu, amapala mphako imene mutuwo umazunguliramo, n'kuikamo zida zachitsulo ndi pulasitiki. Kuti musamve ululu pa nthawiyi pali njira ziwiri zikuluzikulu: jakisoni wa pamsana amene amachititsa dzanzi kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi, kapena mankhwala okugonetsani tulo tofa nato. Chimene chimasankha njira nthawi zambiri si mantha anu kapena chizolowezi cha dokotala, koma mankhwala amene mumamwa, mtima wanu ndi msana wanu.

Jakisoni wa pamsana

Mumakhala pansi n'kuwerama, kapena kugona cham'mbali mutapinda mawondo, kuti mafupa a msana atalikirane. Singano yopyapyala kwambiri, ya saizi 25 kapena 27, imalowa pakati pa fupa lachitatu ndi lachinayi la m'munsi mwa msana, kapena lachinayi ndi lachisanu. Amabaya pansi chonchi dala, chifukwa mtsempha waukulu wa mumsana umathera chapamwamba, pafupi ndi fupa loyamba kapena lachiwiri. Akaona timadzi toyera tikutuluka pasingano, amathira mankhwala a dzanzi otchedwa bupivacaine, kawirikawiri 10 mpaka 15 mg, omwe ndi 2 mpaka 3 ml okha. Ena amaonjezerapo mankhwala oletsa ululu monga fentanyl pang'ono kapena morphine wokwana 100 microgram kuti ululu uchedwe kubwerera.

Miyendo imayamba kutentha, kenako kulemera, ndipo pakatha mphindi 5 mpaka 10 simungathe kuinyamula. Asanadule amayesa ndi chinthu chozizira kuti aone pomwe dzanzi lafika. Kukoka ndi kukankha mumakumva, koma osati kupweteka. Dzanzilo limatha pakadutsa maola awiri mpaka anayi.

Anthu ambiri amakana njirayi poopa kumva phokoso la macheka ndi hamala. Palibe chokukakamizani kukhala maso. Akhoza kukupatsani mankhwala ogonetsa otchedwa propofol pang'onopang'ono kudzera mu dilipi kuti muziwodzera kwinaku mukupuma nokha, ndipo ambiri sakumbukira kalikonse.

Vuto lofala kwambiri ndi kutsika kwa BP. Mankhwala a dzanzi a pamsana amafooketsanso timitsempha timene timachititsa kuti mitsempha ya magazi ikhale yothina, choncho magazi amadzaza kumiyendo. Mukamva chizungulire kapena nseru, nenani nthawi yomweyo, chifukwa mankhwala okweza BP monga ephedrine kapena phenylephrine amakonza zimenezi m'mphindi zochepa. Mkodzo umathanso kukanika kutuluka kwa maola angapo, makamaka kwa abambo achikulire, ndipo nthawi zina pamafunika kapaipi. Mutu wina umayamba patatha tsiku limodzi kapena awiri: umakula mukakhala tsonga, umachepa mukagona. Umabwera chifukwa timadzi ta mumsana tikudontha pa kabowo ka singano. Kwa achikulire obayidwa ndi singano yopyapyala sizichitikachitika, ndipo ukakana kusiya amatseka kabowoko pothira magazi anu omwe pafupi nako.

Apa ndiye pofunika kusamala kwenikweni

Ngati magazi anu sakugwirana bwino, singano ikaboola kamtsempha magazi amatha kuunjikana mumsana n'kupanikiza mitsempha, ndipo miyendo ikhoza kufa. N'zosowa, koma zikachitika pamafunika opaleshoni yamwadzidzidzi m'maola ochepa. N'chifukwa chake dokotala wogonetsa amafunsa mobwerezabwereza za mankhwala oletsa magazi kuundana. Warfarin amasiyidwa kwa masiku 5 ndipo magazi amayezedwa, INR, muyeso wa mmene magazi akugwiranirana, ikhale yosafika 1.5. Clopidogrel amasiyidwa masiku 5 mpaka 7. Rivaroxaban ndi apixaban, pafupifupi maola 72. Jakisoni wa enoxaparin, maola 12 ngati ndi wa mlingo wochepa wongoteteza, maola 24 ngati ndi wa mlingo waukulu. Aspirin payekha saletsa jakisoni wa pamsana. Koma musasiye nokha mankhwala aliwonse mwa amenewa. Amene anaikidwa kachubu m'mitsempha ya mtima akasiya clopidogrel mosauzidwa akhoza kudwala mtima mwadzidzidzi.

Jakisoniyu sayeneranso ngati pamsana pali chilonda kapena mafinya, ngati matenda alowa m'magazi, kapena ngati valavu ya mtima yotchedwa aortic yaphinjika kwambiri, popeza mtima wotere supirira BP ikagwa mwadzidzidzi. Msana wopindika kapena umene unaikidwa zitsulo umavuta kubaya, ngakhale nthawi zina zimatheka.

Kugonetsedwa

Mankhwala monga propofol amalowa kudzera mu dilipi ndipo mumagona pasanathe mphindi imodzi. Amaika chubu kukhosi, makina amakuthandizani kupuma, ndipo mpweya wa sevoflurane kapena propofol yemweyo ndi amene amakusungani m'tulo. Njirayi ilibe malire a nthawi, choncho ndi yoyenera pa opaleshoni yaitali yochotsa mfundo yakale n'kuikamo ina. Mukadzuka pakhosi pamakanda, nseru imavuta kuposa pa jakisoni wa pamsana, ndipo ululu umayamba msanga. Nenani ngati muli ndi mano ogwedera, ngati mumaliza mkonono n'kumabanika usiku, kapena ngati m'bale wanu anatenthapo thupi koopsa atagonetsedwa, chifukwa vuto limeneli ndi lakumtundu.

Jakisoni wa pamsana ndi wabwino pa opaleshoni yokonzekera, chifukwa munthu amadzuka mutu uli bwino ndipo amadya msanga. Komabe kugonetsedwa si njira yachabe. Kafukufuku wa REGAIN wa mu 2021, wa anthu 1,600 othyoka chiuno ku United States ndi Canada, anapeza kuti kutha kuyenda pakatha masiku 60 komanso kusokonekera mutu sizinasiyane kwenikweni pa njira ziwirizi.

Zoonjezera pa njira iliyonse

Dokotala akhoza kuthira mankhwala a dzanzi pafupi ndi mitsempha ya pamphechepeche akuyang'ana pa sikani. Jakisoni wina wotere, wotchedwa fascia iliaca, amafuna 30 mpaka 40 ml ndipo amathandiza kwa maola ambiri, koma amafooketsa minofu ya kutsogolo kwa ntchafu. Bondo limatha kungopindika mukaponda, ndiye musaimirire nokha koyamba. Jakisoni wina wotchedwa PENG, amene anafotokozedwa koyamba mu 2018, amalunjika timitsempha ta mfundo yeniyeniyo ndi 20 ml, ndipo mwendo sufooka kwambiri. Mankhwala a dzanzi akachuluka m'magazi amavulaza mtima ndi ubongo. Mukamva dzanzi pamilomo, kukoma kwa chitsulo mkamwa kapena kulira m'makutu, lankhulani pompo.

Tranexamic acid, nthawi zambiri 1 g, amaperekedwa kuti musataye magazi ambiri. Ngati mfundo ikumatidwa ndi simenti ya mafupa, BP ndi mpweya m'magazi zimatha kutsika pa mphindi imene simentiyo ikulowa, ndipo dokotala wodula amachenjeza wogonetsa asanaithire.

Tsiku la opaleshoni siyani chakudya ndi mkaka maola 6 isanayambe, madzi siyani kutatsala maola awiri. Lamuloli ndi lomwelo ngakhale mwasankha jakisoni wa pamsana, chifukwa nthawi zina sagwira mokwanira ndipo pamafunika kukugonetsani. Tengani mapaketi a mankhwala anu onse, kuphatikizapo a shuga, a BP ndi azitsamba. Dzanzi lisanathe yambani kumwa paracetamol, 1 g maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g patsiku, ndipo ocheperapo ngati thupi lanu silifika 50 kg. Miyendo ikapanda kugwedezeka patatha maola anayi chibayireni, kapena ikayambanso kufooka itayamba kale kuyenda, itanani namwino nthawi yomweyo ngakhale kuli pakati pa usiku.